Uthenga Wochokera Padenga

Malumbo Gondwe sanali munthu wozolowera kunama. N'chifukwa chake mabodza awiri amene ananena chaka chimenecho ankamukhala pamtima ngati chinangwa chosapsa.

Bodza loyamba linali la laputopu. Anamupatsa ndi Jordan, mwana wa mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, mnyamata wa galimoto yoyera amene makolo ambiri a ku Chiputula mumzinda wa Mzuzu ankalakalaka atakhala mkamwini wawo. Jordan atamva kuti Malumbo wayamba sukulu yamadzulo ndipo akulembera ntchito zake pafoni, anangotulukira nayo tsiku lina ikadali m'katoni mwake.

"Uzingogwiritsa ntchito, palibe nkhani," anatero.

Malumbo anadziwa kuti nkhani inalipo. Koma mayeso anali pafupi, ndipo manja analandira mtima usanavomere. Kunyumba ananena kuti watumiza ndi mlongo wake Gomezgani wa ku Joni, ndipo anamuchonderera pafoni kuti asaulule. Zomwezo anauzanso Morris.

Morris Namakhwa anali mnyamata wa ku Luchenza, wofatsa, wosachedwa kuchita manyazi, amene ankachita lendi ku Masasa. Anali atakhala pachibwenzi ndi Malumbo miyezi isanu ndi itatu popanda wa kunyumba aliyense kudziwa. Bambo ake a Malumbo, a Blackson Gondwe, mphunzitsi wopuma pantchito, sankabisa maganizo awo. Ankati mwana wawo sadzapita kwa anthu osadziwa malowolo, kumene mwamuna amalowa m'mudzi mwa mkazi ndi chikwama chokha.

Bodza lachiwiri linabwera ndi mphenzi. Mphenzi ya mvula ya mwezi wa Malichi itawotcha kanema wa m'nyumbamo, a Gondwe anasowa mtendere chifukwa nkhani zamadzulo sankaziphonya. Gomezgani anatumizadi kachipangizo kooneka ngati fulashi, kokhala ndi kaeriyo kake kakang'ono, n'kunena kuti akakalumikiza ku laputopu aziwonera matchanelo a dijito bwinobwino. A Gondwe anakatembenuza uku ndi uku, anawerenga kapepala kake kawiri konse, koma palibe chimene chinaoneka.

"Pali munthu wina amadziwa zimenezi, adada," anatero Malumbo asanaganize bwino. "Mmisiri wa makompyuta. Mnzanga wa kusukulu ndi amene anandipatsa nambala yake."

"Muyitane Loweruka."

* * *

Malumbo ndi Morris anakumana Lachinayi masana m'tauni, pamalo ogulitsira tchipisi pamene ankakonda kukhala. Morris anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika foloko pansi.

"Ndiye ukuti ndikalowe m'nyumba mwa bambo ako ngati munthu wosakudziwa?"

"Tsiku limodzi lokha."

"Malumbo, ine ndakhala ndikukupempha kuti ndiuze amalume anga, tiyambe zinthu mwadongosolo. Iwe umangoti dikira. Lero ukuti ndibwere, koma ndibwere nditavala nkhope ina."

"Adada ndimawadziwa ine. Ukangofika ndi dzina loti Namakhwa n'kutchula za ukwati, sadzakuyang'ananso kumaso. Koma akayamba akuona kaye, akamva mmene umayankhulira, tsiku lodzawauza zoona adzakhala akukudziwa kale."

"Adzakhala akundidziwa ngati wabodza."

Malumbo anamugwira dzanja pansi pa tebulo. "Ndichitire chonde. Ndikufuna akuone mmene ndimakuonera ine."

Morris anayang'ana kumsewu kwa kanthawi. Anali wosatha kumukaniza chinthu, ndipo Malumbo ankadziwa zimenezo. Chinali china mwa zimene zinkamuchititsa manyazi.

"Ndibwera," anatero. "Koma akandifunsa kwathu, sindinama."

* * *

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza kaja kosadziwika poyambira. Morris anafika cha m'ma teni atavala malaya oyera osita bwino, chikwama chili kumsana. Malumbo anamutsegulira chitseko n'kumupatsa moni ngati mlendo, maso ali pansi.

"Monire, adada," anatero Morris atanjuta pang'ono.

A Gondwe anakweza nsidze. "Yewo, monire. Muli uli?"

"Nili makora, kwali imwe?"

"Chitumbuka chanu chili ndi fungo la kumwera. Kwanu n'kuti?"

"Ku Luchenza, bambo. Ku Mzuzu kuno ndakhalako zaka zinayi."

"Zaka zinayi n'kuphunzira moni. Ena akhala zaka makumi awiri koma amangoti bobo. Khalani pansi."

Amayi ake a Malumbo, NyaMhango, anabweretsa tiyi ndi mbatata. Malumbo anaika laputopu patebulo la pabalaza n'kuima kumbali ngati mwana wa sukulu amene wayitanidwa ku ofesi.

Morris anagwira ntchito modekha, akufotokoza chilichonse chifukwa a Gondwe ankafunsa chilichonse. Anabaya kachipangizo kaja m'mbali mwa laputopu. Anaikamo kapulogalamu kothandiza kompyuta kukazindikira, kenako pulogalamu yowonerera kanema. Itatseguka, inafunsa dziko. A Gondwe anavala magalasi n'kusendeza mpando pafupi.

"Tsitsani pang'onopang'ono. Malaysia. Malta. Nanga Malawi ali kuti?"

"Palibe, bambo. Opanga pulogalamuyi sanatiikepo."

"Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana kuloza dziko lino pamapu, lero kakompyuta kakundiuza kuti kulibe."

Morris anaseka, ndipo a Gondwe anasekanso. Malumbo anamva mtima wake ukupepuka koyamba tsiku limenelo.

"Sizivuta," anatero Morris. "Tikaiuza dziko imasaka malo ochepa okha amene ikuwadziwa. Ife tiiuza kuti isake mafunde onse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Zimatenga nthawi, koma chimene chili m'mlengalenga ichipeza."

Anaimika kaeriyo kaja pawindo n'kudina poyambitsira kusaka. Kamzere kanayamba kukwawa pasikirini, manambala akusinthasintha. Onse anayang'anitsitsa sikirini ngati akudikira zotsatira za kuchipatala. Kamzereko katafika kumapeto, panatuluka mawu oti palibe tchanelo chimene chapezeka.

"Kaeriyoka n'kakang'ono, ndipo nyumba ino ili kunsi," anatero Morris. "Eriyo ya kanema wakale uja ikadalipo?"

"Ili padenga, koma mphepo inaipotoza."

"Tigwiritsa ntchito imeneyo."

Pamene Morris ankalumikiza chingwe cha eriyo yapadenga ku kachipangizo kaja, panja panaima galimoto. Malumbo anaizindikira kulira kwake asanaione. 

Jordan analowa atanyamula jumbo ya buledi ndi shuga, akununkhira mafuta odula. Anagwada kwa a Gondwe, anapereka moni wautali m'Chitumbuka, kenako anayang'ana Morris kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Awa ndi a Namakhwa, mmisiri wathu," anatero a Gondwe.

"Adada, mukuvutikiranji? Ine ndinanena kale kuti ndibweretse kanema watsopano ndi dikoda yomwe."

"Mwana wanga watumiza ichi, tigwiritsa ntchito ichi. Ndikabwereke makwerero kwa aneba athu a Nyasulu."

* * *

A Gondwe atatuluka, NyaMhango ali kukhitchini, pabalaza panatsala anthu atatu. Jordan anakhala pampando wa mwini nyumba n'kupinda mwendo.

"Bwana mmisiri, muzigwira bwino makinawo. Si otchipa."

"Ndikusamala," anayankha Morris osacheuka.

"Ndinachita kuitanitsa kunja. Malumbo, ikukuthandiza eti? Sunandiuze n'komwe mmene mayeso anayendera, chikhalirecho amene ndinagula laputopu ndine."

 Malumbo anaona zala za Morris zitaima pa chingwe chija. Morris sanadzutse mutu. Anangomaliza kumanga chingwecho pang'onopang'ono ngati mawuwo sanawamve.

"Anayenda bwino," anatero Malumbo ndi mawu osamveka.

"Ndiye n'zimene timafuna. Chinthu cha m'banja chimafunika chizigwira ntchito."

Morris anaimirira. Anamuyitana Malumbo kuti abwere pafupi ndi laputopu, n'kuyankhula naye mwaulemu ngati kasitomala.

"Asisi, mukuona kamzere aka? Ine ndikamatembenuza eriyo kazikwera kapena kutsika. Kakafiira ndiye kuti palibe chimene tikugwira. Kakabiriwira n'kupitirira pakati, mundiuze ndiime, kenako mudine apa kuti iyambe kusaka. Musakhudze china chilichonse mpaka imalize."

Malumbo anafunafuna maso ake, koma Morris ankayang'ana sikirini yokha. Mawu oti asisi aja anamubaya kuposa chitonzo.

* * *

Makwerero atabwera, Morris anavula nsapato n'kukwera. Malata anali oterera ndi kamvula kaja. Malumbo ankamva mapazi ake pamwamba, akuyenda mosamala motsatira misomali. A Gondwe anatsegula windo n'kukhala pafupi ndi mwana wawo, mphuno ili pafupi kugunda sikirini. Jordan anaima kumbuyo kwawo, manja ali m'thumba.

"Kakadali kofiira," anakuwa a Gondwe pawindo. "Pitirizani."

Chitsulo chinalira padenga. Kamzere kanadumpha pang'ono n'kubwereranso.

"Mwapitirira. Bwererani kumene mwachokera. Pang'ono. Pang'ononso."

Kamzereko kanasanduka kachikasu, kenako kobiriwira, n'kukwera mpaka kupitirira pakati.

"Pomwepo. Gwirani pomwepo."

Malumbo anadina. Kusaka kunayambanso, ndipo ulendo uno, kamzere kasanafike n'komwe pakati, mayina anayamba kutsika m'mbali mwa sikirini limodzilimodzi. A Gondwe anayamba kuwawerenga mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi. NyaMhango anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Tchanelo cha nkhani chinapezeka, cha mapemphero chinapezeka, mawayilesi anapezekanso.

"Mnyamata uyu ndi wodziwa," anatero a Gondwe. "Komanso waulemu. Ana a masiku ano akadangoti gulani china. Uyu wakwera denga langa mvula ikugwa osadandaula. Makolo ake anamulera."

Malumbo anafuna kumwetulira koma milomo inakana. Nthawi yomweyo laputopu inalira kaphokoso kakang'ono, ndipo pakona ya sikirini panatseguka kabokosi koyera.

Anali ataiwala. Miyezi yapitayo analumikiza WhatsApp yake ku laputopu kuti azilandira ntchito za kusukulu, ndipo Morris atatsegula intaneti kuti atsitse pulogalamu ija, nayonso inadzuka. Pamwamba pa kabokosiko panalembedwa dzina limene iye anasungira nambala ya Morris: Wapamtima.

Dzanja lake linathamangira kuti akatseke, koma a Gondwe analigwira.

"Anati tisakhudze chilichonse mpaka imalize."

Anakonza magalasi awo n'kuwerenga ndi mawu omwe aja amene ankawerengera mayina a matchanelo, osathamanga, osadumpha liwu.

"Malumbo, miyezi eyiti tili pachibwenzi, lero ndi pamene ndikumva kuti laputopuyi anakugulira ndi Jordan. Unandiuza kuti ndi Gomezgani. Ndili padenga la bambo ako ngati waganyu chifukwa ndimakukonda, koma iwe wandinamiza ine ndi iwo omwe."

 Kamzere kanapitiriza kukwawa, mayina akutsikabe, koma panalibenso wowawerenga. NyaMhango anagwira pakamwa ndi nsalu. Malumbo anayang'ana simenti ya pansi n'kulakalaka itang'ambika kuti alowemo.

Padenga, Morris anafunsa mokweza, "Zikupezeka, bambo?"

A Gondwe anavula magalasi, anawapinda, n'kuyandikira pawindo.

"Zapezeka zonse, a Namakhwa. Tsikani."

* * *

Morris analowa malaya atamatirira pathupi, mapazi ali ndi dzimbiri la malata. Anaima pakhomo poopa kudetsa pansi.  A Gondwe anangotembenuza laputopu kuti imuyang'ane. Kabokosi kaja kanali katazimiririka, choncho anauza Malumbo kuti atsegule uthengawo, ndipo iye anautsegula.

Morris anawerenga mawu ake omwe. Nkhope yake inagwa. Anatsitsa mutu, madzi akudontha kuchokera m'tsitsi lake.

"Mwalemba ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Zimene mwalembazi n'zoona?"

"N'zoona."

"Ndiye pamene mumamwa tiyi wanga, n'kumaseka nane, mumadziwa kuti mukundipusitsa."

A Gondwe anapitiriza osadikira yankho.

"Maganizo obwera muno ngati mmisiri anali a ndani?"

Malumbo anatsegula pakamwa. Mawu anali pomwepo, pakhosi, koma ataona nkhope ya bambo ake anauma. Kanthawi kameneko kanali kochepa kwambiri, koma Morris anakaona.

"Anali anga, bambo," anatero. "Ndimafuna mundione kaye. Ndalakwa, mundikhululukire."

A Gondwe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ntchito mwagwira bwino, yewo chomene. Koma munthu amene ndinamulandira m'mawa uja si amene waima pakhomo panga tsopano. Valani nsapato zanu muzipita."

Morris anatenga chikwama chake. Sanamuyang'ane Malumbo. Anavalira nsapato pakhonde, n'kutuluka pageti kamvula kakumuwazabe.

Jordan anatsokomola. Mawu ake anali ofewa, koma maso anali ofiira.

"Adada, ine ndimayesa za mphatsoyi mumazidziwa. Kwathu aliyense akudziwa kuti Malumbo analandira. N'chifukwa chake akuluakulu akonza zotumiza thenga wodzafunsira ukwati Loweruka likubwerali. Amati akuuzeni mawa tikaweruka kutchalitchi."

"Sinali mphatso yotero," anatero Malumbo. "Unati palibe nkhani."

"Mtsikana wamkulu ngati iwe, mwamuna angakupatse chinthu chotere popanda nkhani?"

Funso limenelo Malumbo anali atadzifunsa yekha tsiku limene analandira katoni ija.

* * *

Lamulungu lonse a Gondwe sanamuyankhule. Sanakalipe, sanamenye tebulo. Popempha mchere ankauza mkazi wawo ngakhale mcherewo uli pafupi ndi Malumbo. Laputopu inakhala patebulo itatsekedwa, chingwe cha eriyo chikulendewera pawindo. Matchanelo anali atapezeka, koma palibe amene anawonera ngakhale chimodzi.

Kutchalitchi Malumbo anakhala kumbuyo. Amayi ake a Jordan anamumwetulira n'kumugwira tsaya, ndipo iye anamva ngati wavula pagulu. Analembera Morris kanayi. Pepa. Ndiyankhe chonde. Ndinachita mantha. Ndikufuna tikumane. Uthenga uliwonse unkaonetsa kuti wafika, koma yankho silinabwere. Ataimba, foni inangoitana mpaka kuduka.

Lolemba m'mawa anawapeza bambo ake kuseri kwa nyumba akupalira mpiru. Anagwada pamzere pomwepo, mawondo akulowa m'dothi lonyowa.

"Adada, ndili ndi mawu."

Khasu silinaime.

"Maganizo aja sanali a Morris. Anali anga. Iye anakana, ine ndinamukakamiza. Wakhala akundipempha kuyambira kale kuti abwere ndi akwawo, ine n'kumamuletsa chifukwa choopa inu. Za laputopu nazonso sankadziwa. Wabodza m'nyumba muno ndine ndekha."

A Gondwe anaimika khasu n'kulitsamira.

"Ndinadziwa Loweruka lomwelo. Zaka zonse zija ndili m'kalasi, ukuganiza kuti sindidziwa nkhope ya mwana amene akusenza mlandu wa mnzake? Chimene chinandipweteka si iye. Ndi iwe, kuima pamenepo n'kumusiya anyamule yekha."

Misozi inatsika, ndipo Malumbo sanaipukute.

"Umamukonda?"

"Enya, adada."

"Nanga Jordan?"

"Ayi."

"Koma katundu wake unalandira. Laputopu ija ubweze lero lomwe. Koma dziwa kuti kubweza katundu sikufafaniza zimene anthu amva. Bambo ake a Jordan ndakhala nawo mumpingo zaka zambiri. Dzulo andiuza pamaso pa akulu ena kuti thenga akubwera Loweruka. Ndiwabweze ndi chifukwa chanji? Ndinene kuti mwana wanga ali ndi mwamuna amene amalowa m'nyumba za anthu ngati wokonza eriyo?"

Anayang'ana padenga, pamene eriyo ija inali italoza bwinobwino kumene Morris anaisiya.

"Maganizo anga pa anthu a kumwera sanasinthe. Koma mnyamata amene amavomera mlandu wosakhala wake kuti ateteze mkazi, ndingathe kumumvera mawu. Ngati ali wotsimikiza, atumize munthu wamkulu wa kwawo afike pano Lachisanu lisanathe, ndipo abwere akudziwa kuti kuno timalowola. Akafika, ndidzakhala ndi chowauza a kwa Jordan. Akapanda kufika, Loweruka ndilandira thenga, ndipo iwe sudzatsegulanso pakamwa."

"Yewo, adada. Yewo chomene."

"Usandithokoze. Sindinavomere kanthu."

* * *

Laputopu anakaisiya kwa mlongo wake wa Jordan, chifukwa mwini wake sanafune kutuluka m'nyumba. Kuchoka pamenepo anakwera kabaza wa njinga yamoto kulunjika ku Masasa. Njira yonse ankakonza mawu. Ayambe ndi kupepesa, osadziikira kumbuyo. Kenako anene za Lachisanu. Ankaona kale nkhope ya Morris ikumasuka pang'onopang'ono monga inkachitira akakwiya.

Anatsika pamwamba pa chitunda n'kutsetsereka wapansi kanjira koterera kopita kunyumba zalendi. Chitseko cha Morris chinali chotsegula. Koma atati odi, amene anatuluka anali mkazi.

Anali wamsinkhu wake, woyera, atamanga chitenje m'chiuno, tsache lili m'manja. Malumbo anamukumbukira. Anali Rozina, mwana wa eni nyumbazo, amene nthawi zonse akabwera ankamupatsa moni wa m'mphuno.

"Morris alipo?"

"Kulibe." Rozina anamuyang'ana mawondo, pamene panali pakadali zipsera za dothi la m'dimba. "Inu ndinu a ku Chiputula aja eti? A laputopu?"

 Malumbo anazindikira kuti nkhani yake inali itafika kale kuno.

"Anabwera Loweruka atanyowa ngati nkhuku, thupi likutentha," anapitiriza Rozina. "Ndinachita kumuphikira phala ndi kumugulira mankhwala ine. Munthu wabwinobwino kumukweza padenga mvula ikugwa. Ena mitima yawo ndi ina."

"Wapita kuti?"

"Wakwera basi ya m'mawa. Wapita kwawo ku Luchenza."

"Abwera liti?"

"Sananene."

"Ndili ndi uthenga wofunika kwambiri. Foni sakuyankha."

"Sangayankhe. Inalowa madzi tsiku lomwe lija, imangoitana koma sikirini inafa. Ili mkatimu, m'mbale ya mpunga." Rozina anatsamira chitseko. "Ndipo kumudzi kwawoko anati netiweki imavuta."

Malumbo anawerenga masiku mumtima. Ulendo wa ku Luchenza ndi wa tsiku lathunthu, kubwerera tsiku linanso. Nambala ya wachibale aliyense wa Morris analibe, chifukwa iye yemwe ndi amene ankakana kudziwana nawo.

"Sanasiye mawu alionse?"

"Anasiya." Rozina anakoka chitseko, anachikhoma, n'kumanga kiyi pakona ya chitenje chake mosathamanga, kuti Malumbo aone bwino. "Anati watopa ndi zobisalabisala. Akukauza amalume ake kuti wapeza mkazi woti amange naye banja."

Malumbo anafunsa, "Anatchula dzina?"

Rozina anatola tsache lake n'kumwetulira.

"Kwa inu ndinganene kuti sanatchule. Koma kiyi wa nyumba yake mwaona amene wamusiyira."